Wometa Amene Ankaseka Mlamu Wake

Dzina loti a Sizasi silinabwere chifukwa cha ntchito yawo yometa anthu, ngakhale ambiri ankaganiza choncho. Anawapatsa ndi telala wa khomo loyandikana nawo, amene tsiku lina anati pakamwa pa mkuluyu pamatseguka ndi kutsekeka mofulumira kuposa sizasi imene ili m'manja mwawo. Eni ake analikonda dzinalo mpaka analilembetsa ndi penti yofiira pamwamba pa chitseko cha shopu.

Shopuyo inali kachipinda kamodzi mumsewu wa kuseri kwa msika, pakati pa telala uja ndi sitolo ya mankhwala. Munali kalilole wamkulu wong'aluka pakona, benchi la odikira, ndi mpando wometerapo umene kale unali wa dalaivala wa basi. A Sizasi anaugula kwa ogulitsa zitsulo zakale, nauwotcheretsa pa chitsulo chozungulira kuti munthu azitembenuzidwa ali chikhalire. Pashelefu panali makina ometera, zipeso m'kapu, botolo la spiriti ndi burashi yosasira tsitsi m'khosi. Pamwamba pa zonsezo, pamsomali, pankalendewera wayilesi.

Ntchito anaiphunzira kwa malume awo ali achichepere, ndipo dzanja lawo linali lopepuka. Ana amene ankalira kwa ometa ena, kwa a Sizasi ankagona tulo pampando. Anakwatira mayi wofatsa amene ankagwira ntchito yochapa kuchipatala, nabereka naye ana atatu, ndipo onse anawaphunzitsa ndi makina ometerawo. Mowa sankamwa. Munthu akamwalira mumsewumo, iwo ankakhala oyamba kutseka shopu.

Chilema chawo chinali chimodzi: nkhani ya munthu wina sinkatha iwo asanaipose. Ukawauza kuti unadwala malungo sabata yathunthu, iwo anadwalapo mpaka madokotala anaitanizana kudzaona. Ukati basi inakusiya panjira, iwo inawasiyapo nayithamangira mpaka kuipeza pa siteji yotsatira. Ankayamba ndi kuzimitsa makina, kukuyang'ana m'kalilole, n'kunena kuti, "Zimenezo n'zochepa, tamverani zanga." Silinali bodza lopweteka munthu. Sankanamizira aliyense, sankadanitsa anthu. Ankangofuna kuti pa nkhani iliyonse iwo akhalepo.

Pakati pa makasitomala awo panali mnyamata wina woonda, wa jekete imodzi, amene ankawerenga mauthenga a maliro pa wayilesi. Ankabwera Loweruka lililonse ngakhale tsitsi lisanakule. A Sizasi ankamukonda chifukwa ankadziwa kumvetsera. Ena ankati akatopa amayamba kuyang'ana kunja, koma iyeyu ankafunsa, "Ndiye zitatero, munatani?" Ndipo a Sizasi ankapitiriza, tsitsi n'kutha nkhani isanathe.

Patapita nthawi mnyamatayo anapatsidwa pulogalamu ya m'mawa yotchedwa Dzukani Tiseke, ndipo dziko lonse linayamba kumutchula kuti Kadzutsa. Ankasintha mawu kukhala anthu osiyanasiyana: mayi wa nyumba za lendi, mlonda wokonda tulo, m'busa woiwala mavesi. Koma amene anthu ankamudikira anali a Zochepa. Woyandikana nawo akadandaula kuti galu wamuluma, a Zochepa ankati iwo anawalumapo galu, ndipo amene anakabayitsa jakisoni anali galuyo. Wina akati apongozi ake akhalitsa pakhomo, a Zochepa ankati awo anabwera kudzacheza, mapeto ake ndi apongoziwo amene anawafunsa iwo kuti anyamuka liti. Nthawi imeneyo munthu unkatha kuyenda kuchokera kunyumba mpaka kumsika osaphonya liwu, chifukwa zenera lililonse linkatulutsa mawu omwewo. Ana asukulu ankachedwa, aphunzitsi osawakalipira poti nawonso anachedwa pa chifukwa chomwecho.

Panalibe amene ankaseka a Zochepa kuposa a Sizasi. Ankatsegula shopu molawirira kuti amvere pamodzi ndi anthu. Nthawi ya a Zochepa ikakwana ankaika makina pansi, kasitomala ali ndi mutu wometa mbali imodzi, n'kuseka mpaka kugwira khoma.

"Ameneyu ndikumudziwa," ankatero akupukuta misozi. "Ndi alamu anga enieni. Ndinamuuza ndine Kadzutsa za iwowa."

Alamu awowo anali achimwene a mkazi wawo, dalaivala wa malole akuluakulu oyenda maiko akutali. Akabwerako ankakhala ndi nkhani za m'njira, za milatho yokokoloka ndi matayala ophulika pakati pa nkhalango. A Sizasi ankaona kuti munthuyo amakokomeza. Anayamba kuwaitana kuti a Zochepa, poyamba kumbali, kenaka pamaso. Alamuwo ankangomwetulira n'kuyang'ana pansi.

Pa ukwati wa mwana wawo wamkazi, yemwe ndi mphunzitsi, a Sizasi anaimirira kuti athokoze alendo. Atafika potchula achibale, analoza alamu awo n'kunena pa chimkuzamawu kuti, "Ndipo awa ndi malume a mkwatibwi, a Zochepa athu amene mumawamva m'mawa uliwonse." Holo yonse inagwa ndi phwete. Telala anachita kutuluka panja atagwira pamimba. A Sizasi anakhala pansi ali okondwa kuti nthabwala yawo yalowa, ndipo kwa zaka zambiri ankaikamba ngati imodzi mwa nthawi zawo zabwino.

Pulogalamuyo inadzatha monga zimathera zinthu. Kunabwera mawayilesi ambiri, nyimbo zambiri, kenaka mafoni. Kadzutsa anasamukira mbali ina ya tauni ndipo anasiya kubwera kudzameta. Ana a a Sizasi anakula nachoka. Alamu aja anapuma pantchito, shuga atawafoola miyendo. A Sizasi tsitsi linayera, koma pakamwa panali pomwepo.

Kenaka kunamveka kuti Kadzutsa walemba buku la moyo wake. Wayilesi inayamba kubwereza zidutswa zakale za Dzukani Tiseke, anthu n'kumaimba foni kukamba zimene ankakumbuka. A Sizasi anauza aliyense wokhala pampando kuti m'bukumo iwo sangalephere kupezekamo, popeza mutu umene unkaganiza nthabwala zonsezo unkadutsa m'manja mwawo.

Tsiku limene Kadzutsa anaitanidwa kukacheza pa wayilesi linali Loweruka m'mawa, shopu itadzaza. Pabenchi panali makasitomala akale, telala anaima pakhomo ndi tepi yake m'khosi, ndipo pampando panali bambo wina wogulitsa matabwa. Mawu a Kadzutsa anali atakalamba koma anali omwewo. Mtsikana wofunsa mafunso anamufunsa za ubwana wake, za tsiku limene anaseka pakati pa uthenga wa maliro. Kenaka anafunsa ngati a Zochepa anali munthu weniweni.

"Tamverani," anatero a Sizasi, nakweza wayilesi. "Alamu atchuka lero."

"Alipo ndithu, ndipo ndikukhulupirira akadali moyo," anayankha Kadzutsa. "Anali wondimeta wanga. Ndawapatsa mutu wathunthu m'bukuli. Munthu wabwino mtima kwambiri. Ndinkapita Loweruka lililonse, kukhala pampando wawo wa basi, n'kubwerako ndi nkhani za sabata yonse. Sindinkapeka kanthu ine, ndinkangothira mchere. Chokoma kwambiri n'chakuti eni ake ankaganiza kuti ndikunena mlamu wawo."

Mtsikana uja anaseka, Kadzutsa nasekanso.

M'shopumo simunaseke munthu. A Sizasi anali ataima kumbuyo kwa kasitomala, makina akulira m'manja, ndipo anakweza maso kuyang'ana m'kalilole. Anaona benchi lonse. Wina ankayang'ana nsapato zake, wina anatulutsa foni, telala ankapinda tepi yake pang'onopang'ono. Anafunafuna nkhope imodzi yodabwa, yoti ayang'anane nayo, koma sanaipeze. Apo m'pamene anadziwa kuti nkhaniyi inali yachilendo kwa iwo okha.

Anamaliza kumeta bambo wa matabwa uja. Anamusasa m'khosi, kumupaka spiriti, kumuvula nsalu. Anaitana wotsatira. Anameta onse amene anali pabenchi osatulutsa liwu, wayilesi ikuimba nyimbo, ndipo aliyense ankatsanzika motsitsa mawu ngati akuchoka pa maliro. Dzuwa lili pamutu anatseka shopu, chinthu chimene sankachita Loweruka.

Kunyumba anapeza mkazi wawo akusita zovala pakhonde. Wayilesi ya m'nyumba inali yozimitsa, ndipo mayiwo sanafunse chifukwa chimene abwerera msanga.

"Mwamva?" anafunsa a Sizasi.

"Ndamva."

"Munkadziwa?"

Mayiwo anaimika simbi. "Ndinadziwa tsiku loyamba lenileni, bambo. Ndinali m'basi popita kuntchito. Atangoti zimenezo n'zochepa, ndinafuna kutsika."

"Ana?"

"Ana ankanyozedwa nazo kusukulu. Wamkuluyu anamenyanapo ndi mnzake. Tinakuuzani kuti anagwa pa mpira."

A Sizasi anakhala pa mpando wa pakhonde. Anafunsa chifukwa chimene sanawauzire zaka zonsezo.

"Ndinayesapo," anatero mkazi wawo. "Ndinati, bambo, kodi munthu uja simukumumva ngati wapafupi? Inu munati eya, ndi achimwene ako. Munaseka mpaka kutsamwa. Ndikanayambira pati? Munkadzuka okondwa. Ndinaona kuti bola ndisenze ine."

"Ndiye pa ukwati paja..."

Mayiwo anatenga malaya ena nayamba kusita kolala.

Usiku wake ndi masiku otsatira, maganizo a a Sizasi ankangobwerera pa ukwati paja. Ankadziona ataima ndi suti yawo, chimkuzamawu m'manja, chala chikuloza munthu wosalakwa, anthu akugubuduka. Ankakumbukira mwana wawo mkwatibwi atabisa nkhope m'maluwa, iwo n'kumayesa akuseka. Akakumbukira zimenezo thupi linkatentha, n'kudzuka kukaima panja. Kenaka zinayamba kubwera zina: m'mawa uliwonse umene anagwira khoma ndi kuseka, anthu pabenchi akuseka nawo. Tsopano anadziwa kuti anthuwo ankaseka kawiri, wa pa wayilesi ndi wa m'shopu.

Anakhala pakhomo masiku angapo akuti msana ukuwawa. Koma munthu wozolowera ntchito sakhalitsa, ndipo Lolemba lina anakatsegula. Wayilesi anaichotsa pamsomali naiika m'kabati. Telala analowa kudzawalonjera, nayamba kunena kuti anthu sankaseka moipa, koma a Sizasi anamuyankha kuti ali ndi makina oti atsuke.

Chimene sanayembekezere chinali alendo. Bukulo linafotokoza mpando wa basi ndi kalilole wong'aluka, ndipo anthu sanavutike kupeza malowo. Ankabwera abambo a mimba zawo ndi amayi ovala bwino, ena ndi magalimoto, ena atanyamula bukulo. Ankaima pakhomo akumwetulira ngati apeza m'bale wotayika. Ena ankakhala pampando kuti ajambulidwe. Ena ankayamba dala nkhani, "Dzulo ndinagwa panjinga, bambo," n'kudikira, foni ili m'mwamba, kuti amve yankho lija. A Sizasi ankangoti pepani, n'kufunsa ngati akufuna kumeta.

Anthuwo sankabwera ndi chipongwe, ndipo chimenecho n'chimene chinkavuta. Wonyoza ukhoza kumuthamangitsa. Awa ankabwera ndi chikondi. Ankakamba za m'mawa wa ubwana wawo: fungo la makala, mayi akusita yunifolomu, bambo akumeta ndevu pa kagalasi kapakhonde, nyumba yonse itakhala chete kudikira a Zochepa. Ankati masiku ano kulibenso zoseketsa zotero, aliyense amaseka yekha ndi foni yake. Mayi wina wa zaka zapakati anakhala pabenchi osajambula kanthu, ndipo anthu atachepa anati:

"Bambo anga anali munthu wovuta. Pakhomo pathu sitinkayankhula iwo akakhalapo. Koma a Zochepa akayamba, ankaseka, ndipo ife tinkaloledwa kuseka nawo. Ndi nthawi yokhayo imene ndimawakumbukira akuseka. Ndangobwera kudzakuonani."

A Sizasi anaima ndi chipeso m'manja. Anaona kuti mayiyo akunena zoona ndipo akuyembekezera kanthu. Koma chimene ankawathokozera sichinali chinthu chimene iwo anapereka. Anachita kutengeredwa, ngati munthu amene wajambulidwa akusamba. Anati, "Zikomo, mayi, pepani za bambo anu," ndipo mayiyo atapita anatseka chitseko kwa kanthawi.

Makasitomala akale nawonso anasowa mtendere. Anazolowera kumeta m'phokoso, tsopano ankamva makina okha. Wina akayamba kukamba za matenda ake, ankaona a Sizasi akutsegula pakamwa, mpweya utakokedwa kale, kenaka n'kutsekanso. Ena anayamba kukameta kwina, osati chifukwa chodana nawo, koma poti zinali zomvetsa chisoni kuonera.

Panapita milungu asanalimbe mtima kupita kwa alamu awo. Anapita Lamulungu masana, atanyamula kachikwama ka makina kuti pakhale chifukwa. Anawapeza atakhala pampando wa ndalema pansi pa mtengo, miyendo yotupa itasanjikidwa pa kabenchi, ndevu zitamera mosasamalika.

"Alamu, mwatisowa," anatero mkulu wa malole uja. "Ndimayesa mwatchuka ndiye simutidziwanso."

A Sizasi anakhala pa njerwa. Analonjera, anafunsa za miyendo, za mankhwala. Kenaka anati, "Ndabwera kudzapepesa."

"Za chiyani?"

"Mukudziwa. Ndinakusenzetsani dzina langa. Pamaso pa anthu, pa ukwati wa mwana."

Alamuwo anayang'ana nkhuku zimene zinkapalasa pafupi ndi mpanda.

"Pa ukwati paja zinandiwawa," anatero. "Sindikubisirani. Akazi anga sanadye tsiku limene lija. Ndipo chimene chinkandiwawa kwambiri n'chakuti zanga zinali zoona. Mlatho unakokoloka ine ndikuona. Mnzanga anapsera m'lole ine nditaima poteropo. Ndikabwera kwanu kudzakamba, inu mumvekere a Zochepa ayamba. Ndinasiya kukamba."

"Bwanji simunandiuze kuti ndine?"

"Mlongo wanga anandigwadira. Anati achimwene, musiyeni, akadziwa adzafa ndi manyazi. Ndinati chabwino, msana wanga ndi waukulu." Anaseka pang'ono. "Komanso ndisaname, alamu, nthawi zina ndinkasangalala. Mukamandiloza muja, ine ndinkadziwa chimene anthu akuseka."

Mawu amenewo analasa a Sizasi kuposa ena onse, koma anaona kuti ndi oyenera. Anatsegula kachikwama, namanga nsalu m'khosi mwa alamu awo. Akuwameta ndevu anafunsa za mnzawo amene anapsera m'lole. Alamuwo anayamba monyinyirika, kenaka anakamba yonse, kuyambira pamene anakumana mpaka pamene anakatula uthenga kwa mkazi wa malemuyo. Inali nkhani yaitali. A Sizasi anaimva mpaka kumapeto.

Kadzutsa anabwera yekha ku shopu tsiku lina chakumadzulo, mvula ikuwaza. Anali atanenepa, akuyenda ndi ndodo, mutu uli mbee wopanda tsitsi ndi limodzi lomwe. Anaima pakhomo akumwetulira, buku lili m'khwapa.

"Akulu anga," anatero. "Mpando uja ukadalipo."

"Ulipo. Koma pamutu panu sindikuonapo ntchito."

Kadzutsa anaseka, nakhala pampandopo, nadzitembenuza uku ndi uku ngati kale. Anati wamva kuti mkuluyo wakhumudwa, ndipo zamudabwitsa. Anati mutu umene analemba ndi wachikondi, awerenge aone. Anati popanda iwo sipakanakhala Kadzutsa. Kenaka ananena chimene anadzera: kukonzedwa mwambo ku holo yaikulu, anthu okonda Dzukani Tiseke adzasonkhana, ndipo iye akufuna kuti pamapeto a Zochepa enieni adzakwere pa nsanja. Anthu adzaimirira, anatero. Adzalira.

A Sizasi anatsamira shelefu. "Ndifunseko chinthu chimodzi. Loweruka lija munkabwera kudzameta kapena kudzatola?"

Kadzutsa anasiya kuzungulira. "Poyamba kudzameta. Ndinalibe anzanga m'tauni muno, inu munkandiyankhula ngati munthu. Kenaka zonse ziwiri."

"Mukamafunsa kuti ndiye zitatero munatani, ine ndinkapita kunyumba kukauza mayi kuti pali mnyamata mmodzi amene amandimvetsa."

"Ndinkakumvetsani."

"Munkandimvetsa, inde. Kuposa mwini wakene." A Sizasi anayang'ana pansi. "Sindikuti munanama. Mukananama bwenzi zili bwino, bwenzi ndikukalipa. Koma zonse zija ndinanenadi. Chimene ndikudandaula n'chakuti munadikira zaka zonsezi, n'kukauza dziko lonse musanandiuze ine. Mukanabwera kuno, kukhala pamenepo, n'kunena. Mwina tikanaseka."

Kadzutsa anayang'ana ndodo yake. Anati sanaganize. Anati ankayesa kuti pofika pano mkuluyo anadziwa kale, kuti wina anawauza.

"Aliyense ankayesa wina andiuza," anatero a Sizasi.

Mvula inakula padenga. Kadzutsa anafunsanso za ku holo, motsitsa mawu tsopano, ndipo a Sizasi anakana. Anati anthuwo akufuna munthu amene sadziwa kuti akusekedwa, ndipo munthu ameneyo kulibenso. Akakwera pa nsanja adzangokhala nkhalamba yochita manyazi, anthu adzabwerera ndi chisoni. Kadzutsa anasiya bukulo pashelefu, pambali pa botolo la spiriti, nadikira kuti mvula ichepe. Anakhala limodzi, wina pampando wina pabenchi. Potuluka anagwirana chanza.

Mwambo wa ku holo unachitika popanda iwo. Amene anapitako anati kunadzaza, ndipo Kadzutsa atafika pa a Zochepa anachita mawu aja kamodzi kokha, anthu nakuwa, koma za wometa sanatchule.

Bukulo a Sizasi analitengera kunyumba, ndipo linakhala pamwamba pa kabati mpaka mwana wawo mphunzitsi uja atabwera kutchuthi. Iwo maso anali atayamba kuvuta pa zilembo zing'onozing'ono, choncho anamupempha kuti awawerengere mutu wawowo. Mwanayo anakana poyamba, koma iwo anaumirira. Anawerenga ali pakhonde, mayi ake akumvetsera chapatali. Munali zoseketsa zimene ankazidziwa kale. Munalinso zina zimene anali ataiwala: kuti mnyamata wa jekete imodzi uja atadwala, wometa anamuyendera ndi chakudya, kuti tsiku loyesedwa ntchito ya pulogalamu ya m'mawa anamubwereka tayi. Pamapeto Kadzutsa analemba kuti sanakumanepo ndi munthu wina wofunitsitsa kukhala nawo m'mavuto a anzake ngati ameneyu, ngakhale pochita kupeka.

"Walemba bwino, adadi," anatero mwanayo.

"Walemba bwino," anavomera. Kenaka anati, "Iwe, pa ukwati wako paja unkalira?"

Mwanayo anatseka buku. "Pang'ono."

A Sizasi anagwedeza mutu, nalowa m'nyumba.

Alendo ofuna zithunzi anachepa m'kupita kwa miyezi, poti anthu sakhalitsa pa chinthu chimodzi. Chaka chotsatira a Sizasi anasiyira shopu mwana wa mchemwali wawo, amene anachotsa mpando wa basi naikamo wamakono, napachika kanema pakhoma. Dzina la pachitseko analisiya poti linkakoka anthu.

Iwo sanasiye kumeta. Mkazi wawo, amene ankadziwana ndi anthu a kuchipatala, anawauza kuti kuwodi ya abambo kuli odwala okhalitsa amene alibe wowameta. A Sizasi anayamba kupitako pakati pa sabata ndi kachikwama kawo. Kumeneko anthu ali ndi nkhani zazikulu, za maopaleshoni, za ana amene sabwera kudzawaona, ndipo amafuna wozimva. Manesi achitsikana sadziwa za Dzukani Tiseke. Amangowadziwa ngati agogo ometa, odekha, a dzanja lopepuka. Nthawi zina wodwala wachikulire amawayang'anitsitsa n'kufunsa ngati si iwo aja a m'buku la Kadzutsa. A Sizasi amavomera kuti ndi iwo, makutu akutentha, n'kumupempha kuti aweramitse mutu pang'ono kuti amete kumbuyo.